Phala lamadzi, phala logwira kapena chakudya cha m'manja: njira zophunzitsira mwana kutafuna

Mwana wanga woyamba anafika chaka ndi miyezi iwiri asakudziwa chochita ndi mbamu ya nsima. Ndikamuika kambamu koviika mumsuzi, ankangokasunga palilime, maso ali pa ine, kenako n'kukakankhira kunja pamodzi ndi dovu. Mano anali nawo ndithu, anayi pamwamba anayi pansi. Koma kuyambira ali ndi miyezi 6 ndinkamupatsa phala la ufa woyera lodutsa pasefa, loti ukapendeketsa kapu limangoyenda lokha. Ndinkaopa kuti atsamwa. Apongozi anga, amene tinayandikana nawo nyumba ku Chinamwali, ankangoti, "Amake mwana, kodi mano amenewa ndi okongoletsa?" Ndinkakwiya chamumtima, koma ankanena zoona.

Wachiwiri ndinamuyendetsa njira ina, ndipo pa miyezi 10 ankalimbana yekha ndi chidutswa cha mbatata yophika. Ana awiri si umboni wokwanira, pajatu ngakhale a bere limodzi amasiyana. Koma zimenezi zinandichititsa kufunsa alangizi a zaumoyo kusikelo, kuwerenga, ndi kuonetsetsa zimene amayi anzanga amachita. Njira zodyetsera mwana zilipo zingapo, ndipo iliyonse ili ndi zimene imaphunzitsa lilime, milomo ndi nsagwada. Zina siziphunzitsa kalikonse.

Zimene zikuchitika m'kamwa mwa mwana

Kudya timakuona ngati chinthu chobadwa nacho, koma chobadwa nacho ndi kuyamwa ndi kumeza basi. Mwana amayamwa chala akadali m'mimba, ngakhale luso loyamwa, kumeza ndi kupuma mosasokoneza limakhwima pafupifupi pa masabata 34 a pathupi. N'chifukwa chake ana obadwa masiku asanakwane amavutika kugwira bere. Kwa ife a ku Zomba nkhaniyi si yachilendo, chifukwa wodi yoyamba m'Malawi yosamalira ana otere mwa njira ya kangaru, yoika mwana pachifuwa cha mayi khungu kukhudzana ndi khungu, inatsegulidwa pa Zomba Central Hospital mu 1999. Mwana wosatha kuyamwa amapatsidwa mkaka wofinya wa mayi ake ndi kakapu kapena kudzera m'kachubu ka m'mphuno, kufikira atapeza mphamvu zogwira bere.

Miyezi yoyambirira lilime limangodziwa kupita kutsogolo ndi kumbuyo. Mukaika chinthu cholimba palilime, limachikankhira kunja lokha, ndipo chitetezo chimenechi chimazilala pakati pa miyezi 4 ndi 6. Pofika miyezi 6 khosi lalimba, mwana akukhala tsonga, nsagwada zayamba kusewera m'mwamba ndi pansi. Cha m'miyezi 7 mpaka 9 lilime limaphunzira ntchito yaikulu: kupita m'mbali, kutengera chakudya kunkhama, n'kuchibweretsanso pakati kuti chimezedwe. Kutafuna kozunguliza nsagwada, kumene ife akulu timaperera nyama ndi chimanga chootcha, kumabwera pambuyo, ndipo kumakhwima mwana ali ndi zaka 2 mpaka 3, nthawi imene mano onse 20 a ubwana amakhala atamera.

Pamene ine ndinaphonya ndi apa: lilime silipita m'mbali ngati kulibe choti likatenge. Phala lamadzi limangotsetsereka pakati mpaka kummero ngati mkaka. Ndiponso mwana satafunira mano akutsogolo, amenewo ndi olumira. Amatafunira nkhama za m'mbali, zomwe n'zolimba kwabasi (amene analumidwapo bere akudziwa), pomwe mano otafunira amayamba kumera chaka chitadutsa. Wodikira mano akudikira chinthu chimene mwana sakuchifuna panopa.

Phala lamadzi losefa

Njira iyi ndi imene ambiri timayambira, ndipo sindinganyoze woisankha chifukwa ndikudziwa chimene chimatikokera. Limapsa msanga, mwana amamwa msanga, mbale imayera, mtima umakhala m'malo. Mayi amene akuthamangira kukagulitsa tomato ku Thondwe tsiku la msika alibe ola lathunthu loti akhale pamkeka kudikira mwana akunyambita supuni. Mtsikana wosiyiridwa mwana nayenso safuna milandu, amasankha chimene sichingatsamwitse.

Koma mtengo wake ndi waukulu. Mimba ya mwana wa miyezi 6 mpaka 8 ndi yaing'ono, imadzaza ndi kapu imodzi ya tiyi. Mukaidzaza ndi phala limene theka lake ndi madzi, mwana wakhuta koma sanadye. Mudzaona kusikelo mzere wa m'buku uja ukuyenda chogona m'malo mokwera. Kwa lilime ndi nsagwada, phala lotere ndi mkaka wina chabe, palibe phunziro latsopano. Ku Bristol, m'dziko la England, akatswiri anatsatira ana masauzande ambiri kuchokera pobadwa, ndipo anapeza kuti amene anayamba zakudya za tizibuluma atadutsa miyezi 9 ankavuta kudya komanso ankakana mitundu yambiri ya zakudya, kuphatikizapo masamba ndi zipatso, ngakhale atafika zaka 7. Nditamva zimenezi ndinakumbukira wanga uja akutola nkhwani m'mbale n'kuika pambali kamodzikamodzi.

Palinso kadyetsedwe kamene kamayenda ndi phala lamadzi kamene ndimadana nako. Mwana amagonekedwa chagada pamiyendo, manja apanidwa, phala likuthiridwa m'dzanja lopinda pakamwa pake, iye akulira n'kumameza mokakamizika. Ena amachita kukulitsa bowo la botolo ndi lumo kuti phala lizituluka. Mwana wolira ndi wogona chagada sangatseke bwino njira ya mpweya, ndipo phala likalowera kumapapo limatha kuyambitsa chibayo. Kuwonjezera apo amaphunzira kuti chakudya ndi nkhondo. Phala lopyapyala lingakhale la masiku awiri atatu oyambirira, mwana akuzolowera supuni. Kupitirira apo, ayi.

Phala logwira pasupuni, kenako zonyenya, kenako tizidutswa

Iyi ndi njira imene amaphunzitsa kusikelo, ndipo ikugwirizana ndi malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse: kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, kenako kuyamba zakudya zina uku mukupitiriza bere mpaka zaka 2 kapena kuposera. Muyeso wa phala ndi wosavuta. Tapani ndi supuni, pendeketsani. Likangoti thoo ngati madzi, silinakwane. Liyenera kukakamira pasupuni n'kugwa mwaulesi.

Poyamba masupuni awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu patsiku, n'kumawonjezera mpaka theka la kapu ya mamililita 250. Kuyambira miyezi 9 mwana adye katatu kapena kanayi, ndi kena kotolatola pakati. Koma chimene chikutikhudza pano si kuchuluka, ndi kukhakhala kwa chakudya. Sabata ziwiri zitatu zoyamba phala likhale losalala koma logwira. Kenako sefa ipachikidwe. Peyala linyenyedwe ndi foloko, nthochi chimodzimodzi, dzungu kapena mbatata yofiira m'kati ikanyidwe koma tizibuluma tofewa titsalemo. Pa miyezi 8 mwana ayambe kugwira tina m'manja. Pa miyezi 9 mpaka 11 zakudya zodula tizidutswa ting'onoting'ono. Akakwanitsa chaka adye za m'mbale ya banja, nsima yofewa ndi ndiwo zake, zongochepetsedwa mchere ndi tsabola.

Ubwino wa kuno kwathu ndi woti zonyenyazi sitisowa. Mapeyala, nthochi ndi mapapaya mumsika wa Zomba ndi zosayamba, ndipo futali wa mbatata ndi nsinjiro ali ngati anapangidwira mwana wa miyezi 8: wofewa, wonona, koma wofuna lilime ligwire ntchito. Phala la mgaiwa limaposa la ufa woyera, pazakudya zomanga thupi komanso pakukhakhala. Thiranimo nsinjiro, dzira, kasupuni ka mafuta, masamba osinja, kapena matemba a ku Chilwa okazinga pang'ono n'kusinjidwa mpaka ufa. Ufa wa matembawu ndi umene muyenera kusefa, chifukwa cha minga. Nsomba, mazira, nyemba ndi chiwindi n'zofunika chifukwa ayironi (mchere wothandiza kupanga magazi) amene mwana anabadwa naye amakhala akutha pofika miyezi 6, ndipo mkaka wokha sungamukwanire. Likuni Phala, wa chimanga ndi soya, amalowa bwino m'njira imeneyi malinga aphikidwe mogwira.

Kagwiridwe ka supuni nako kali ndi nkhani. Ambiri timalowetsa supuni n'kuipalira kunkhama za pamwamba potulutsa, kuti phala litsale m'kamwa. Tikatero mlomo wapamwamba sugwira ntchito. Ikani supuni pakamwa, dikirani mwana atsegule yekha, ilowetseni pang'ono, ndipo musiyeni atseke milomo n'kuchotsa phalalo yekha. Nthawi zina ikani kachakudya cha m'mbali mwa kamwa kuti lilime lichite kukatsata. Mwana akhale tsonga, pamwendo panu kapena pamkeka, mukuyang'anizana. Akatembenuza mutu kawiri katatu, wakhuta, musamuthamangitse ndi supuni kuzungulira bwalo.

Kuipa kwa njirayi ndi kuwiri. Imadya nthawi, ndipo n'kosavuta kuima panjira. Mayi amafika pa zonyenya, amaona kuti zikuyenda, n'kukhazikika pomwepo miyezi isanu. Tsiku limene mwana achite ngati akusanza ndi kachibuluma, sefa ija imatsika pamsomali. Ine ndi mmene ndinagwera.

Kumusiya adzidyetse yekha

Amene amakhala pa Facebook ndi WhatsApp aonapo zithunzi za ana a miyezi 6 atadzola chakudya nkhope yonse, chidutswa chili m'manja, supuni palibe. Njirayi inatchuka ku Britain kudzera mwa mlangizi wa zaumoyo wa ana Gill Rapley. Mfundo yake ndi yoti phala ndi supuni zisakhale poyambira. Mwana akhale pamene banja likudya, apatsidwe zidutswa zofewa zazitali ngati chala cha munthu wamkulu, atole yekha, adye mmene angathere.

Nditawafotokozera apongozi anaseka mpaka kugwira nthiti. "Ndiye azungu atulukira zimenezi lero? Ife tonse tinakula tikuyamwa mango kumunda." N'zoonadi, kumudzi mwana wokwawa salephera kupeza chidutswa cha dzungu m'mbale ya anganga ake. Chatsopano ndi dzina chabe, ndi kukana supuni kotheratu.

Kwa lilime ndi nsagwada, palibe njira yoposa iyi. Mwana amaluma, amasuntha chakudya, amalavula chimene chakula, amayesanso. Dzanja ndi diso zimaphunzira kupeza kamwa. Amadziwa msanga kuti papaya amaterera, mbatata imanyenyeka, nsima imamata. Pa nkhani ya kutsamwa, kafukufuku wa ku New Zealand anapeza kuti ana odzidyetsa okha sankatsamwa kuposa odyetsedwa ndi supuni, pamene makolo awo anali ataphunzitsidwa zakudya zoyenera kupewa. Mawu akuti "ataphunzitsidwa" musawadumphe.

Koma ine sindingauze mayi wa ku Jali kapena ku Chikanda kuti ataye supuni. Mwezi woyamba chakudya chambiri chimathera pansi ndi m'tsitsi, cholowa m'mimba n'chochepa. M'nyumba imene dzira limodzi ndi la mwana yekhayo, kuliona likugwera mufumbi n'kudyedwa ndi nkhuku si masewera. Zakudya zosavuta kugwira, monga nthochi ndi mbatata, zilibe ayironi wokwanira, pomwe phala ndi limene limanyamula bwino nsinjiro ndi ufa wa matemba. Ana athu ambiri ndi opinimbira kale, sitingachite juga ndi miyezi imeneyi. Palinso ukhondo: manja a mwana wokwawa ayenera kusambitsidwa ndi sopo nthawi iliyonse asanadye, makamaka dzinja pamene matenda otsegula m'mimba amachuluka. Mwana wobadwa masiku asanakwane, wosalimba khosi kapena wotsika sikelo asayambire njira imeneyi popanda uphungu wa kuchipatala.

Chimene ine ndinachita ndi wachiwiri ndi kuphatikiza. Phala logwira ndi supuni kuti akhute, koma m'dzanja lake muli chidutswa cha peyala kapena mbatata yophika mpaka yoti ukaifinya ndi zala ziwiri iphwanyike. Muyeso wa kufewa ndi umenewo. Supuni ziwiri, ina yanga ina yake yoseweretsa. Zovala ndinkamuvula, pansi n'kuyala chitenje chakale.

Pano ndiime pang'ono pa mantha aja, chifukwa ndi amene amasankhira amayi ambiri njira. Pali zinthu ziwiri zimene timazisokoneza. Mwana akachita ngati akufuna kusanza, nkhope yafiira, maso alengeza misozi, akukhosomola mwaphokoso, lilime lili panja, ameneyo sanatsamwe. Thupi likubweza chakudya chimene chapita kumbuyo chisanatafunidwe. Mwa khanda, malo oyambitsa zimenezi ali cha kutsogolo kwa lilime, ndipo amasunthira kumbuyo akamazolowera zakudya. Musalowetse chala, mungakankhire chakudyacho mkati. Kutsamwa kwenikweni kulibe phokoso: mwana salira, sakhosomola, sapuma, milomo imasintha mtundu. Zikatero, ngati sanakwane chaka, mugonekeni chafufumimba pamkono panu mutu uli chotsika, mumenyeni ndi chikhatho pakati pa mapewa kasanu, mutembenuzeni, dinikizani pakati pa chifuwa ndi zala ziwiri kasanu, n'kubwereza uku wina akufuna thandizo. Pemphani anamwino kusikelo akuonetseni ndi manja, chifukwa kuwerenga kokha sikukwanira.

Zotsamwitsa zenizeni n'zolimba, zozungulira ndi zoterera: mtedza wathunthu, chimanga chokazinga, mbuliwuli, nandolo kapena nzama zosaphwanya, maswiti, karoti wamuwisi, zidutswa za nyama yolimba, minga ya nsomba, nthangala za masawu. Mtedza wathunthu udikire mpaka zaka 5, pakali pano ndi wa nsinjiro. Ndipo mwana asadye akuyenda, akuseka, ali kumbuyo pa kabaza kapena ali yekha.

Kumutafunira

Njira ya makolo iyi ikadalipo. Agogo amatafuna nyama kapena chinangwa n'kumulavulira mwana m'kamwa, mwachikondi chenicheni. Kale, kopanda chopukusira, inkathandiza mwana kulawa nyama msanga. Koma malovu a wamkulu amanyamula tizilombo toola mano, ndipo madokotala ku America analembapo za ana amene anatenga HIV kudzera m'chakudya chotafuniridwa ndi munthu wa zilonda kapena magazi m'kamwa. Komanso ntchito imene timafuna mwana aphunzire yagwiridwa kale ndi nsagwada za wina. Mtondo ndi mpeni zimachita zomwezo popanda chiopsezo. Kuwauza akuluakulu n'kovuta, ndikudziwa. Ine ndinkangofulumira kusinja nyama ya mwana ndisanapakule, kuti pasapezeke chifukwa.

Za m'mapaketi

Phala la m'sitolo longothira madzi lili ndi malo ake: paulendo wa ku Lilongwe, pamaliro, tsiku limene makala atha. Lambiri limakhala lowonjezeredwa ayironi ndi mavitamini, zomwe n'zabwino. Koma ndi losalala mofanana tsiku ndi tsiku, lambiri n'lotsekemera, ndipo mwana wozolowera limeneli amaona phala la mgaiwa ngati chilango. Chifukwa ndi lodula, ena amalisungunula kwambiri kuti paketi ikhalitse, ndiye tabwerera ku phala lamadzi lija. Tokhwasula ta chimanga tofufuma tija timasungunuka tokha palilime, tili ndi mchere wambiri, ndipo timatseka njala ya chakudya chenicheni.

Nanga chomwera?

Apa mpikisano ndi wa bere, botolo, kapu ya kamlomo ndi kapu wamba.

Bere ndi sukulu yoyamba ya nsagwada. Mwana amayasamula kwambiri, amagwira mbali yaikulu ya bere osati nsonga yokha, lilime ndi chibwano zimagwira ntchito yolemetsa kuti mkaka utuluke. Pabotolo mkaka umabwera mosavuta, makamaka bowo likakula. Sindikuweruza mayi amene akugwiritsa botolo pa zifukwa zake, alipo amene sangachitire mwina. Koma botolo limafuna madzi aukhondo ndi kuwiritsidwa nthawi zonse, ndipo m'nyumba zathu za makala ndi madzi otunga pampopi wa anthu onse zimenezo n'zovuta. N'chifukwa chake m'zipatala zathu amalimbikitsa kapu ngakhale kwa khanda lomwa mkaka wofinya. Botolo likakhalapo, lisiyidwe mwana akakwanitsa chaka, lisapitirire miyezi 18. Loipitsitsa ndi botolo logona nalo, la tiyi wa shuga kapena zakumwa zotsekemera. Mano akutsogolo apamwamba amada n'kuyamba kuthetheka mwana asanayambe n'komwe sukulu ya mkaka.

Kapu ya chivindikiro ndi kamlomo, yosatayika ija, imaoneka yamakono ndipo ine ndinagulapo. Kunena zoona ndi botolo lovala suti. Mwana amayamwabe, lilime lili pansi pa kamlomoko monga kale. Tsiku lina nditachotsa kamphira ka m'kati kuti nditsuke bwino ndinapeza nkhungu yakuda bii, ndiye ndinakumbukira chikomekome cha mkuyu. Ngati mukuifuna paulendo, sankhani yopanda kamphira kotsekera, yoti madzi azituluka okha.

Kapu wamba yaing'ono ndi imene imaphunzitsa. Kuyambira miyezi 6, thirani madzi owiritsa pang'ono, igwireni inu, ikhudze mlomo wapansi, pendeketsani mpaka madzi afike pamilomo, mwana apsontha yekha. Osathira m'kamwa. Milomo imaphunzira kutseka, chibwano kukhazikika, lilime kubwerera m'mbuyo. Adzanyowa, adzakhosomola kangapo, koma pofika chaka ndi theka ambiri amamwa okha. Kumwera kapaipi nakonso n'kwabwino kwa milomo ndi masaya mwana akayandikira chaka, kungoti kutsuka m'kati mwake ndi ntchito.

Za dummy (kamphira koyamwa kotonthozera mwana) ndi kuyamwa chala sindichulukitsa. Kwa khanda zimatonthoza, ndipo ana ambiri amasiya okha pakati pa zaka 2 ndi 4. Zikapitirira zimakankhira mano kutsogolo n'kusiya mpata pakati pa apamwamba ndi apansi. Chimene ndimadandaula nacho kwambiri n'choti mwana wotsekedwa pakamwa tsiku lonse sapeza mpata wochita "ba-ba-ba". Ndipo musaviike mu uchi kapena shuga. Uchi suyenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana chaka chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo tofooketsa thupi lonse.

Kodi kutafuna kumafulumizitsa kulankhula?

Ndamvapo ena akuti mwana wochedwa kulankhula azipatsidwa chingamu, aziuzira mabaluni kapena kunyambita shuga wopaka pamilomo kuti lilime lilimbe. Pa intaneti amagulitsanso timphira totafuna ta mitundumitundu. Ziwalo zake n'zomwezo, inde, koma ubongo umayendetsa kudya ndi kulankhula mosiyana, ndipo kafukufuku sanaonetse kuti masewera ouzira ndi otulutsa lilime amakonza kalankhulidwe. Mwana amaphunzira kutafuna potafuna, kulankhula polankhulidwa. Amene ali kumbuyo tsiku lonse mayi akucheza naye, akumuimbira, akumuyankha akati "ta-ta", ali pasukulu yabwino kuposa wa timphira todula amene wasiyidwa ndi foni. Kawirikawiri kubwebweta kumayamba pa miyezi 6 mpaka 9, mawu oyamba cha pa chaka, kulumikiza mawu awiri cha pa zaka 2. Akachedwa kwambiri, choyamba kuyezetsa ndi makutu, makamaka ngati anatulukapo mafinya.

Timphira toluma pomera mano tilibe vuto ngati tili toyera, koma kansalu koyera konyowa kapena chala chanu chosamba chimachita chimodzimodzi. Dzino loyamba likangotuluka, cha pa miyezi 6, yambani kulitsuka ndi kamswachi kofewa ndi mankhwala otsukira mano ochepa ngati kambewu ka mpunga. Ndiponso tisamanamizire mano chilichonse. Kumera mano kumabweretsa dovu ndi kunyong'onyeka, koma thupi likatentha kwambiri kapena akatsegula m'mimba, kuno kwa udzudzu wa ku Chilwa, thamangani akamuyeze malungo.

Pamene kusankha njira sikukwanira

Alipo ana amene vuto lawo si sefa kapena supuni. Khanda lotopa ndi kutuluka thukuta poyamwa, lotulutsa mkaka m'mphuno, kapena loyamwa nthawi yaitali koma sikelo osakwera, lionedwe msanga. Mwina lilime ndi lomangika pansi, mwina kumwamba kwa m'kamwa kuli mng'alu umene suoneka kunja, mwina ndi mtima. Zimenezi si zodula kunyumba ndi lezala. Mwana wokhosomola kapena kusintha mawu ngati ali ndi madzi kukhosi nthawi iliyonse akamwa, wodwala chibayo mobwerezabwereza, wokanabe chilichonse chosasefa atadutsa chaka, kapena wa dovu losaleka atapitirira zaka 4, akufunika kuchipatala. Chimodzimodzi amene anavutika pobadwa, kapena anadwala malungo a muubongo kapena matenda oumitsa khosi, n'kutsala ndi thupi lolimba gwa kapena lolobodoka. Kwa ana otere madzi enieniwo ndi amene amatsamwitsa kwambiri kuposa phala logwira, ndipo kakhalidwe podya n'kofunika zedi: tsonga, mutu uli pakati, chibwano chowerama pang'ono, osati chagada. Yambirani pachipatala chapafupi, monga Matawale kapena Domasi, akulembereni kalata yopita kuchipatala chachikulu kumene kuli ophunzitsa mafizo.

Wanga woyamba uja analibe vuto lililonse mwa amenewa, anangochedwetsedwa ndi mayi ake. Kubweza kunatitengera pafupifupi miyezi iwiri. Ndinayamba ndi kuchepetsa madzi m'phala pang'onopang'ono osamuuza, kenako ndinaleka kusefa, kenako nthochi yonyenya ndi foloko. Nsima anaikana mpaka tsiku lina Loweruka apongozi atamukhazika pamkeka pakati pa azisuweni ake atatu, mbale imodzi ya nsima ndi therere pakati, ine atandithamangitsira kukhitchini kuti ndisamuyang'anire ndi nkhope ya mantha. Ndinasuzumira pazenera. Anayang'ana anzakewo kwa kanthawi, anatsina kambamu, kanagwa, anatsinanso. Kachitatu kanalowa, ndipo ndinaona tsaya lakumanzere likutukuka, chibwano chikuyenda. Therere linali mpaka m'makutu.